Timiyala ta pa nsonga za mabuledi: amativutikiranji ngati timapsa?

Mwana_wa_Ndirande
Akuluakulu, ndabwera ndi funso komanso kadandaulo. Ndatha miyezi inayi pa shopu ina kuno ku Gauteng yokonza zida za ma gas turbine, injini zozunguzidwa ndi mpweya wotentha monga za ndege ndi zopangira magetsi, ndidakali wophunzira. Lachiwiri anandipatsa thireyi ya mabuledi, timapiko tomwe mpweya wotenthawo umakankha, a siteji yoyamba kuti ndipukute asanapite kwa oyendera. Nditagwira pa nsonga ndinamva kukhakhala ngati sandipepala. M'mutu mwanga ndinati ndi zotsalira za ku sandblasting, ndiye ndinatenga kafayilo kuti ndisalaze. Ndisanafike pa buledi yachiwiri foromani anatulukira kumbuyo kwanga, ndipo mawu amene anatuluka pamenepo sindingawalembe pagulu pano. Akuti ndazula timiyala tolimba kwambiri totchedwa cBN, buledi ibwerere akachotse zonse ayambirenso.

Kulakwa ndavomera. Koma madzulo ake mdala wina wa pashopupo anandinong'oneza kuti timiyalato sitikhalitsa, timapsa injini ikangoyenda kanthawi. Nanga ngati n'topsa, amativutikiranji? Ndipo amatimata bwanji pa chitsulo choti ngakhale kuwotcherera chimakana?

Makaniko_wa_ku_Biwi
Kkkkk pepani achimwene. Koma ine ndifunse za fayiloyo, ili moyo?

Mwana_wa_Ndirande
Inachita dazi pakati, mano onse mbee. Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kukayika kuti mwina si mchenga wamba.

Gogo_Sipanala
Mdzukulu, aliyense wa ntchito imeneyi ali ndi chake chomwe anawononga chaka choyamba, kungoti ena amabisa. Ndikuyankhe za chifukwa chake, za kamatidwe alipo odziwa kuposa ine.

Buledi imazungulira mkati mwa casing, chigoba cha injini, ndipo pakati pa nsonga yake ndi khoma pamafunika kampata, apo ayi zigundana. Tsoka lake mpweya wotentha uja ndi waulesi ngati madzi a mu ngalande. Ukapeza podutsa mosavuta sukankha buledi, umangolumpha pamwamba pa nsonga n'kumapita. Mafuta apsa, ntchito siinagwirike. Akatswiri a ku NASA analembapo kuti pa injini ya ndege yaikulu, mpata wa pa high pressure turbine, tebaini yoyamba kulandira moto, ukakula ndi kota ya milimita yokha, mafuta amakwera ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo utsi umatuluka wotentha kuposa kale ndi madigiri pafupifupi 10. Kota ya milimita ndi mapepala awiri kapena atatu kusanjikiza.

Ndiye opanga amafinya mpatawo mpaka kuvomereza kuti tsiku lina nsonga idzakhudza khoma. Funso limangokhala lakuti zikakhudzana adyeke ndani. Casing siikhala yozungulira ndendende, imapindika pang'ono ndi kutentha, ndi kulemera, ndi mmene yamangidwira. Tinene kuti yatundumukira mkati pamalo amodzi, kachotupa kotalika ngati chikhatho. Khomalo likakhala lolimba kuposa nsonga, buledi iliyonse yodutsa pamenepo imametedwa. Zonse, osatsalako ndi imodzi. Ndipo buledi yometedwa ndi yaifupi kuzungulira bwalo lonse, osati pa chikhatho paja pokha. Kachotupa kamodzi kakutsegulira mpata ponseponse. Koma nsonga ikakhala ndi mano, ndi iyo imene imasema chotupacho, mabuledi n'kutsala ndi utali wawo, kwina konse mpata uli momwe unalili.

Ndiye zimene unazula ndi fayilo ndi mano amenewo.

WaChigayo_Mponela
Agogo mwafotokoza bwino. Koma ine zikundikumbutsa mahamala a chigayo changa. Akayamba kutha makona ndimapita nawo kwa wowotcherera, amaikapo ndodo zolimba zija, basi abwerera pa ntchito. Bwanji osangowotcherera choncho pa nsongapo? Azungu nthawi zina amangokonda kutalikitsa nkhani.

Chemwali_wa_Labu
Bambo a chigayo, funso lanu si lopanda pake, chifukwa nsonga yakutha amaimanganso ndithu powotcherera. Kungoti chitsulo chake n'chamakani. Ine ndimagwira mu labu yoyeza zitsulo kuno ku Midlands, ndipo gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kudula nsonga zoterezi n'kumaziyang'ana pa maikulosikopu.

Hamala ya chigayo ndi chitsulo wamba. Buledi ya siteji yoyamba ndi nickel wosakaniza ndi chromium, cobalt, aluminium, tungsten, tantalum, ndipo ina monga CMSX-4 ili ndi rhenium wokwana 3 peresenti. Chimene chimailimbitsa pa moto ndi tinthu tina ta mkati mwake totchedwa gamma prime, ndipo tomweto ndi tomwe timaichititsa ming'alu mukaiwotcherera mwachisawawa. Mabuledi ambiri amakono amaumbidwanso ngati single crystal, kutanthauza kuti buledi yonse ndi njere imodzi yopanda msoko. Mukasungunula pamwamba n'kusiya kuti pazizire momwe pafunira, pamamera njere zina zoyang'ana kwina, ndipo mng'alu umayambira m'malire mwa njerezo.

Chachiwiri, ndodo zanu zija zimalimba pa kutentha kwa chigayo. Mpweya wolowa mu tebaini ya ndege yamakono umapitirira madigiri 1,400, kuposa pomwe buledi yomweyo ingasungunukire pakanapanda timabowo toiziziritsa. Khoma lomwe ikukasema nalo nthawi zambiri limakutidwa ndi zirconia wothira yttria 7 kapena 8 peresenti, amene ndi mtundu wa dongo lowotcha. Amalipanga la timibowomibowo kuti lizinyenyeka, komabe chitsulo chofiira ndi moto chikakhuza pamenepo chimangodzipaka ngati sopo pa mwala wochapira. Chimene chadzipakacho chimasanduka chotupa china, chimene chimadyanso mabuledi otsatira. N'chifukwa chake pamafunika kamwala kolimba kuposa zonsezi.

Makaniko_wa_ku_Biwi
Ngati nkhani ndi kulimba, si aike dayamondi?

Chemwali_wa_Labu
Dayamondi ndi makala ovala suti, achimwene. Pa mpweya amayamba kupsa cha m'ma 700 mpaka 800, komanso sagwirizana ndi nickel kapena chitsulo chikatentha, amasanduka graphite. cBN, dzina lake lonse cubic boron nitride, ndi wachiwiri kwa dayamondi pa kulimba koma amapirira moto kuposa iye. Amachita kupangidwa, anayamba ndi Robert Wentorf wa ku General Electric mu 1957, ndipo ankagulitsidwa pa dzina loti Borazon. Amene mumanola zitsulo zolimba pa ma grinding wheel mwina munamugwirapo osadziwa.

Kayikani_Kaye
Zonsezi ndamva, koma funso la mnyamatayu simunaliyankhe. Akuti zimapsa. Zimapsa kapena ayi? Ine ndikuona ngati ndi njira yoti makampani azikudyerani ndalama pa overhaul iliyonse.

Gogo_Sipanala
Zimapsa. Palibe akukana.

Kayikani_Kaye
Ndiye basi, mlandu watha.

Gogo_Sipanala
Sunathe, khalani pansi. Mukamanga nyumba, njanji ndi matabwa a sikafodi mumazichotsa ikatha, kodi ndiye kuti munataya ndalama? Timiyala timeneti ntchito yake yaikulu ili m'maola oyambirira. Injini yatsopano kapena yongochoka ku overhaul amaimanga mpata uli wothina, ndipo pa test amaikweza pang'onopang'ono motsata ndondomeko kuti nsonga zidzisemere njira yake m'khoma. Njirayo ikasemedwa yasemedwa. Timiyala tikadzapsa pambuyo pake, ngalande ilipo kale, yofanana ndi mmene rotor imeneyo, gawo lozungulira lonyamula mabuledi, imayendera mu casing imeneyo. Palibe makina a mu shopu angakudulireni ngalande yotero injini ili yozizira, chifukwa ikatentha mawonekedwe amasintha.

Makaniko_wa_ku_Biwi
Aaa, ndiye ndi running in imeneyo. Ifenso tikaboola buloko timasiya timizere topingasa mu silinda kuti maring'i akhale bwino. Pakatha makilomita angapo timizereto sitioneka ngati poyamba, koma ntchito tagwira. Vuto ndi madalaivala a minibasi, ukawauza kuti ayende pang'onopang'ono sabata yoyamba, mawa lake umupeza wapakira matumba a mbatata akuthamangira ku Dedza.

Chemwali_wa_Labu
Fanizo la a Biwi lili pafupi. Koma a Kayikani ndisawataye, ali ndi mfundo. cBN akayandikira madigiri 1,000 pa mpweya amasanduka boron oxide, ndipo boron oxide amasungunuka pa madigiri 450 okha. Mu utsi wa tebaini mulinso nthunzi ya madzi yambiri, imene imamunyamula n'kupita naye. Ndiye ukadula nsonga yomwe yayenda nthawi yaitali umangopeza timaenje momwe munali timiyala, ngati chisa cha njuchi chopanda uchi. Kukhudzana kukadzachitika nthawi imeneyo, buledi ndi imene imadyeka. Chimenecho ndi chilema chenicheni cha njira imeneyi, ndipo anthu akufunafunabe kamwala kokhalitsa. Silicon carbide amapirira mpweya wotentha, koma amadyana ndi nickel n'kupanga zinthu zosungunuka msanga, ndiye amayenera kumuveka kaye chikopa china. Alumina sapsa chifukwa ndi wopsa kale, koma mano ake safika pa cBN. Paliponse pali chake.

Kayikani_Kaye
Achemwali ndiye mwayankha mwachilungamo. Agogo amafuna kundiphimba m'maso ndi sikafodi.

Gogo_Sipanala
Sikafodi ili bwinobwino, inu ndi amene mukufuna kugonamo.

Mwana_wa_Ndirande
Zikomo nonse, mutu wayamba kutseguka. Koma gawo lachiwiri lija. Ku shopu kwathu mabuledi amalowa m'chipinda china chomwe ife ophunzira satilola, muli mathanki a madzi obiriwira. Amatuluka ali ndi timiyala. Chimachitika n'chiyani m'menemo?

Chemwali_wa_Labu
Madzi obiriwirawo ndi a nickel, ndiye kwanuko amamata ndi magetsi, plating. Ndifotokoze momwe zimayendera kawirikawiri, ngakhale shopu iliyonse ili ndi kakomedwe kake komwe siiuza anthu.

Amayamba ndi kudula nsonga pa grinder kufika pa utali woyenera, atachotseratu malo a zomwe ziikidwepo. Kenaka buledi yonse amaiphimba ndi phula kapena pulasitiki, kungosiya kamzere ka pamwamba penipeni. Timabowo ta mpweya ta pa nsonga amatitseka bwinobwino, chifukwa kamodzi kokha kakatsekeka ndi nickel, malo amenewo adzapsa. Akatsuka ndi asidi amaika kansalu kopyapyala ka nickel kogwirira. Ndiye amabweretsa timiyala kuti tigone pa nsongapo, magetsi akuyenda, nickel n'kumamera kuzungulira miyendo yake mpaka titagwira. Kamwala kalikonse n'kochepera theka la milimita, ndipo amafuna mzere umodzi wokha, osati mulu. Tomwe sitinagwire amatikutumula.

Apa timiyala tangogwira ndi zala, sitingaseme kanthu. Amapita nayo mu thanki ina momwe muli ufa wa chromium, aluminium ndi yttrium woyandama m'madzimo. Nickel kapena cobalt akamamera amakwirira ufawo limodzi, kudzaza mipata ya pakati pa timiyala mpaka titangotsala mitu. Pomaliza buledi imalowa mu ng'anjo yopanda mpweya kwa maola angapo pa madigiri opitirira 1,000, kuti ufa uja ulowerere mu nickel zikhale chitsulo chimodzi chotchedwa MCrAlY, komanso chigwirane ndi buledi. Aluminium ndi amene amapanga kachikopa koteteza ku dzimbiri la moto, ndipo yttrium, ngakhale safika 1 peresenti, amathandiza kuti kachikopako kasamasupuke.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti buledi siisungunuka pena paliponse. Kuipa kwake ndi masitepe ambiri, ndipo pakangotsala kamafuta ka chala pa nsonga zonse zimadzasupuka ngati khungu la chilonda. Fayilo yanu ija yabwezera anthu pa sitepe yoyamba.

Mwana_wa_Ndirande
Eee. Ndiye foromani uja anandichitira chifundo.

Mjomba_wa_ku_Kapa
Achemwali afotokoza plating ngati ndi yokhayo. Ine pa ma outage omwe ndagwirako, nthawi yomwe makina amazimitsidwa kuti akonzedwe, ndaonanso za brazing, kumata ndi chitsulo china chosungunuka msanga chotchedwa braze. Amabwera ndi kachidutswa kopyapyala kodulidwa kale mofanana ndi nsonga, timiyala tili momwemo, amakagoneka pamwamba n'kulowetsa mu ng'anjo. Masitepe ochepa, mathanki a asidi palibe, ndipo kagwiridwe kake ndi kamphamvu chifukwa zimalowana ndi buledi.

Chemwali_wa_Labu
Sindinati ndi yokhayo, amjomba, ndimayankha za madzi obiriwira. Brazing ilipo, koma ili ndi minga yake. Chitsulo chosungunuka sichikonda kunyowetsa cBN, chimangopanga timadontho ngati madzi pa tsamba la koko. Ndiye timiyala amativeka titanium kaye, kapena amathira titanium mu braze momwemo. Komanso kuti braze isungunuke buledi isanasungunuke amaithira boron kapena silicon, ndipo zimenezi zimatsala pa malo omwe ndi otentha kwambiri pa buledi yonse. Mukachulutsa, mwaika chofooka pamoto penipeni.

Mjomba_wa_ku_Kapa
N'chifukwa chake amaisiya nthawi yaitali mu ng'anjo kuti boron alowerere mkati abalalike. Ndaona za plating zitasupuka, za braze sindinaonepo.

Chemwali_wa_Labu
Inu mumaona zomwe zafika pa siteshoni. Ine ndimaona zomwe zakanidwa zisanatuluke pa geti.

Gogo_Sipanala
Awiri inu mukukangana za nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera. Zonse zimakhutitsa ngati wophika akudziwa. Ndipo mwaiwala yachitatu, ya laser, yomwe amapopera ufa wa chitsulo ndi timiyala mu kadziwe kakang'ono kosungunuka. Imathamanga, makina amayendetsa okha, koma moto ukachuluka pang'ono timiyala timawonongeka tisanaone n'komwe injini, ndipo za ming'alu ndi njere zosokera zomwe ananena achemwali zimabweranso.

Ba_Tembo_Kitwe
Ba Gogo, ine ndili ku migodi, tebaini sindinaigwirepo. Koma chinthu chimodzi sindinamvetse. Mwati ngalande ikasemedwa yasemedwa. Nanga kukhudzana kwina kwa pambuyo kumachokera kuti, ngati njira ilipo kale?

Mjomba_wa_ku_Kapa
Ba Tembo, ndiyankhe ine. Zitsulo za mu injini sizifutukuka nthawi imodzi. Mukaponda moto, rotor imatanuka pompopompo chifukwa cha liwiro, mabuledi ndi opyapyala ndiye amatentha msanga, casing imatsatira, koma disc, gudumu lomwe mabuledi amamangidwapo, ndi chimphona, imatenga nthawi kuti itenthe ndiponso kuti izizire. Choopsa ndi kutsitsa moto kenaka n'kuukwezanso posakhalitsa. Casing yazizira yabwerera mkati, disc idakali yotentha ndi yotambasuka, inu mwawonjezanso liwiro. Pamenepo nsonga imalowa mozama kuposa ngalande ija.

N'chifukwa chake makina oyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi amavutika kuposa oyenda usana ndi usiku. Kuno ku South Africa kuli masiteshoni a magetsi a Ankerlig ku Atlantis ndi Gourikwa ku Mossel Bay, anayamba mu 2007, amayendera dizilo pa 3,000 rpm, ndipo anawamangira kuti azithandiza nthawi yomwe magetsi akufunika kwambiri. Makina a mtundu umenewo akazima sawasiya chiimire, amawazungulitsa pang'onopang'ono pa turning gear kwa maola ambiri kuti shaft isapindike ndi kutentha kwa pamwamba.

Ndiwonjezere kuti si tebaini iliyonse ili ndi timiyala, mnyamata asapite ku shopu akuganiza choncho. Pa makina ngati Frame 9E a GE, mabuledi a siteji yachiwiri ndi yachitatu ali ndi kadenga pamwamba kokhala ndi mpeni, ndipo mpeniwo umadula mu honeycomb, timapepala ta chitsulo topindidwa ngati zisa. A Siemens pa makina awo ena amakankha rotor yonse pang'ono ndi hydraulic injini ikatentha, poti khoma lake ndi lopendekeka ndiye mpata umatsekeka. Pa ndege, monga CFM56 ya pa Boeing 737 zomwe timakwera pa Kamuzu ndi pa Chileka, amapopera mpweya wozizirirapo pa casing kuti inyale ifike pafupi ndi nsonga ndege ikakhazikika m'mwamba.

Nkula_Boy
Inu mukukamba za kuika mchenga dala pa tebaini, ife kuno ku Nkula pa tebaini za madzi tikulira ndi mchenga wobwera wokha kkkk. Shire nthawi ya mvula amabwera ndi matope ndi zinyalala, ndipo mchenga umadya ma runner, magudumu ozunguzidwa ndi madzi, ndi ma guide vane owongolera madziwo mpaka kuoneka ngati anyambitidwa ndi ng'ombe. Anthu akulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, mitengo inatha, dothi lonse likutsikira kwa ife.

Chemwali_wa_Labu
Kumeneko mankhwala ake ndi tungsten carbide wopopera ndi HVOF, mfuti ya moto yopopera ufa pa liwiro lalikulu. Kumadzi kulibe moto ndiye amakhalitsa. Pa nsonga ya gas turbine sangalimbe, amapsa msanga kuposa cBN.

WaChigayo_Mponela
Ndiye muwauze apopere msanga, chigayo changa chikumagona masana onse. Chichokereni namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 ine ndinagula injini ya dizilo, koma dizilo wakenso umugonera pa filling station.

Kayikani_Kaye
Kapichira anakonza kale bambo, musamunamizire Ana mpaka liti.

WaChigayo_Mponela
Anakonza, koma ngongole ya injini ija ndikubwezabe ine.

Ba_Tembo_Kitwe
Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Cobalt amene mukutchula mu MCrAlY, wambiri pa dziko lonse amachokera kuno kwathu, makamaka kutsidya ku Congo, wina ku Copperbelt. Amachoka pa thiraki ngati dothi, akabwera wavala dzina lachizungu mwana wathu akutukwanidwa chifukwa chomukhudza ndi fayilo.

Nkula_Boy
Kwathunso kuli rutile ku Kasiya, ndiye titanium ameneyo. Ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium. Tili pa chuma koma tikuunikira foni.

Chemwali_wa_Labu
Niobium amalowadi mu Inconel 718, pafupifupi 5 peresenti, ndipo ma disc ambiri ndi a chitsulo chimenecho. Koma tisadzinamize, mtunda wochoka pa dothi kufika pa buledi ndi wautali. Ovuta si mwala, ndi ng'anjo, ndi anthu odziwa kuyeza, ndi mapepala otsimikiza kuti chilichonse chinayenda bwanji. Mayiko oumba single crystal ndi owerengeka. Chomwe tingayambe ndi anthu ngati mnyamata wa ku Ndirandeyu kulowa m'chipinda cha madzi obiriwira chija.

Makaniko_wa_ku_Biwi
Akamulola ndi fayilo m'thumba?

Admin_Gulu
Abale, za migodi ndi za magetsi zili ndi ulusi wake. Tibwerere pa nsonga.

Dona_wa_Hangala
Ndachedwa kulowa, ndinali pa shifiti ya usiku. Ine ndili mbali ya ndege, ndipo ndikuona nonse mwathamangira kumoto mwaiwala compressor, mbali yakutsogolo yopanikiza mpweya usanafike pamoto. Kumenekonso nsonga zina zimakhala ndi timiyala, ndipo poti kutentha kwake sikufika kwa ku tebaini, cBN amakhala nthawi yaitali. Ndiye yankho la funso loti zimapsa kapena ayi limadalira kuti buledi yake ndi ya pati. Masiteji akutsogolo khoma limakhala lofewa, aluminium ndi silicon wosakaniza ndi pulasitiki, moti buledi yopanda mano imadula yokha. Kumbuyo komwe kwatentha khoma limalimba, mano amafunika.

Kulinso chifukwa china chomwe si cha mafuta. Titanium akakhuzana ndi titanium mnzake pa liwiro limenelo, mu mpweya wopanikizika, amatha kuyaka, ndipo moto wake umaboola casing m'kanthawi kochepa. Ndiye pakati pawo pamayenera kukhala china chake nthawi zonse.

Ife pa hangala timaziona pa borescope, kakamera kolowetsa pa bowo. Ukaona ngalande yosalala m'khoma, nsonga zili zoyera, mtima umakhala pansi. Ukaona khoma lapakidwa chitsulo chonyezimira, nsonga zapiringizika m'mphepete, umadziwiratu kuti EGT margin, kampata kotsala kutentha kwa utsi kusanafike pa malire ake, ikutha ndipo injini itsika pa phiko nthawi yake isanakwane. Kutsitsa injini kamodzi ndi ndalama zoti a Kayikani atazimva sangadandaulenso za mtengo wa timiyala.

Kayikani_Kaye
Mayi, ine ndagonja theka. Ku compressor ndavomera. Ku tebaini ndikuti apeze kaye kamwala kosapsa ndiye adzandiuze kuti nkhani yatha.

Gogo_Sipanala
Pamenepo sitikutsutsana. Amene adzakapeze sadzagwiranso ntchito moyo wake wonse.

Mwana_wa_Ndirande
Funso lomaliza, kuti ndisadzalakwenso. Buledi yoti ili ndi timiyala kale, ndiigwire bwanji? Palibe anandiuzapo, amangoti samala.

Gogo_Sipanala
Ameneyo ndiye mlandu wa foromani wako, osati wako wekha. Munthu sumupatsa thireyi ya zinthu za madola masauzande osamuuza chomwe wanyamula. Imva. Gwira ku tsinde, wavala magolovesi oyera. Usaimike buledi chadodolido pa tebulo la chitsulo, cBN ndi wolimba koma ndi wophweka kusweka, kugogoda kamodzi mitu yathothoka. Mabuledi asakhudzane mu thireyi, chifukwa nsonga ya ina imakanda coating ya inzake. Tizisoti ta pulasitiki tovundikira nsonga tija si tokongoletsa, bwezera ukangomaliza. Nsalu ya thonje usapukutire pa nsonga, imasiya ulusi m'timiyala ndi m'timabowo. Ndipo chilichonse chooneka chachilendo, funsa usanachikonze. Wofunsa amatukwanidwa mphindi imodzi, iwe waona wekha kuti wosafunsa zimatha bwanji.

Dona_wa_Hangala
Ndipo buledi ikagwa pansi nenani, ngakhale ikuoneka yabwinobwino, ngakhale palibe anakuonani. Ena a ife timakwera ndege zimenezo.

Mjomba_wa_ku_Kapa
Muonjezere kuti manambala a pa tsinde asasokonezeke. Buledi iliyonse anaiyeza kulemera ndipo ili ndi malo ake pa disc. Yanu ija ikabwera ku plating adzaiyezanso.

Mwana_wa_Ndirande
Ndabweranso akuluakulu, patha masiku asanu ndi anayi. Buledi ija yabwera dzulo. Ndinalimba mtima n'kumufotokozera foromani za chotupa cha pa casing ndi mabuledi ometedwa kuzungulira bwalo lonse, momwe ananenera agogo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti wakuuza ndani. Ndinati agogo anga. Sanaseke, koma masana anandiitana kwa oyendera n'kundikhazika pa maikulosikopu. Timiyala timaoneka ngati shuga wabulauni womwazika pa mbale, kalikonse katatulutsa mutu. Anandipatsa kabokosi kojambulidwa pa galasi kuti ndiwerenge tili tingati m'menemo, malo asanu pa nsonga iliyonse, ndi kuona ngati pali pena pomwe pali dazi kapena pomwe taunjikana. Ndinawerenga mabuledi khumi ndi awiri, maso mpaka kulira. M'chipinda cha mathanki sanandilolebe, akuti mwina chaka chamawa.

Achemwali, pa buledi imodzi ndinaona timiyala tiwiri takwera pamwamba pa tinzake m'mphepete, oyendera anailemba chizindikiro chofiira. Vuto lake n'chiyani, poti mano achuluka?

Chemwali_wa_Labu
Tokwera pamwambato tatalika kuposa tinzake, ndiye ndi tomwe tiyambe kukhudza khoma tokhatokha, katundu yense pa ito. Tagwiranso pang'ono chifukwa miyendo yake siinafike pansi. Timazuka pa kukhudza koyamba, nthawi zina n'kukokera ndi kachidutswa ka MCrAlY, ndipo pa mphepete ndi pomwe kusupuka kumayambira. Mawa mukafunse oyendera akuonetseni malire ake pa pepala, kuti amalola tingati ndipo patali bwanji ndi mphepete. Mukalembe mu kabuku kanu, osadalira mutu.

Makaniko_wa_ku_Biwi
Nanga fayilo ija anakudulani pa malipiro?

Mwana_wa_Ndirande
Ayi. Aikhomera pa khoma pamwamba pa benchi langa, dazi likuyang'ana kunja.